Mayi anga auzidwa kuti ayambe kubaya insulini: kodi mapiritsi alephera?

Funso: Mayi anga ali ndi zaka 66 ndipo akhala ndi matenda a shuga kwa zaka 9. Amamwa metformin ndi glibenclamide. Mwezi watha kuchipatala anawauza kuti shuga sakutsika, choncho ayambe kubaya insulini usiku. Kwathu nkhaniyi yavuta. Azakhali akuti jakisoni ndi wa anthu amene matenda awafika posauzana, pomwe amalume akuti mapiritsiwo ndi amene awononga impso za mayi, ndiye bola angoyamba mankhwala achikuda. Kodi mankhwalawa amachita chiyani m'thupi, nanga n'chifukwa chiyani amene ankathandiza kale sakuthandizanso?

Yankho: Azakhali anu muwauze mwaulemu kuti insulini si mankhwala a munthu amene watsala madzi amodzi. Kwa munthu amene wakhala ndi shuga zaka 9, zimene achipatala anenazo n'zoyembekezereka, ndipo sizikusonyeza kuti mayi anu analakwitsa penapake. Matendawa amasintha ndi zaka, ndiye mankhwala nawo amayenera kusintha. Kuti izi zimveke, tiyambe ndi zimene zimachitika munthu akadya.

Nsima, mpunga, mbatata, chinangwa kapena buledi zikagayika m'matumbo zimasanduka shuga amene amalowa m'magazi. Shugayo sayenera kukhalitsa m'magazimo. Ayenera kulowa m'minofu kuti apereke mphamvu, ndipo chimene chimamulowetsa ndi insulini, amene amapangidwa ndi kapamba, kachiwalo kamene kali kuseri kwa chifu. Insulini alinso ndi ntchito ina imene anthu ambiri saidziwa. Chiwindi chili ngati nkhokwe ya pakhomo: chimasunga shuga nthawi ya zambiri, n'kumamutulutsa pang'onopang'ono usiku kapena munthu akakhala ndi njala. Amene amatseka nkhokweyo ndi insulini. Akachepa, chiwindi chimangotulutsa shuga usiku wonse ngakhale m'magazi muli kale wambiri. N'chifukwa chake odwala ena amadabwa kuti agona atangodya pang'ono koma m'mawa makina oyezera shuga akuonetsa 200, nambala yokwera kwambiri.

Pali mtundu woyamba wa shuga, umene nthawi zambiri umayamba munthu ali mwana kapena wachinyamata. Pamenepo kapamba amasiyiratu kupanga insulini, ndipo popanda jakisoni munthu sakhala moyo. Mapiritsi alibe ntchito pa mtundu umenewo. Zimene mwafotokoza za mayi anu zikusonyeza mtundu wachiwiri, umene uli ndi mavuto awiri: minofu ndi chiwindi sizimvera bwino insulini, komanso kapamba amanka nafooka chaka ndi chaka. Mapiritsi awiri amene akumwawo anagawana mavuto amenewa.

Metformin ndiye amayambira pafupifupi aliyense wa mtundu wachiwiri, kaya ku Queen Elizabeth Central Hospital, ku Kamuzu Central kapena ku London. Dokotala wa ku Paris, Jean Sterne, ndi amene anayamba kuupereka kwa odwala shuga mu 1957, ndipo chiyambi chake ndi chomera cha ku Ulaya chotchedwa Galega officinalis. Ntchito yake yaikulu ndi kuchepetsa shuga amene chiwindi chimatulutsa. Amathandizanso minofu kumvera insulini amene alipo, ndipo amagwiranso ntchito m'matumbo. Sakakamiza kapamba kutulutsa kanthu. Pa chifukwa chimenechi, metformin payekha satsitsa shuga mopitirira muyezo ndipo sanenepetsa. Kafukufuku wamkulu wa ku Britain wotchedwa UKPDS, amene zotsatira zake zinatuluka mu 1998, anapeza kuti odwala onenepa amene ankamwa metformin ankadwala mtima ndi kumwalira mocheperapo poyerekeza ndi amene ankangosamala zakudya. Ndi mankhwala otsika mtengo, akale, ndipo ine ndimawakhulupirira kuposa ambiri atsopano amene amatchuka pa intaneti.

Vuto lake lodziwika ndi la m'mimba: nseru, kutsegula, kudzimbidwa, ndi mkamwa kumveka ngati mwatafuna chitsulo. Zimachepa munthu akayamba ndi piritsi limodzi la 500 mg, n'kumakweza pang'onopang'ono, komanso akamamwa pakati pa chakudya osati m'mimba muli gwa. Akamwedwa zaka zambiri amatha kuchepetsa vitamini B12, zimene zimabweretsa dzanzi kumapazi ndi kuchepa kwa magazi. Dzanzi limeneli limafanana ndi lobwera ndi shuga, ndiye ngati mayi akudandaula za mapazi, n'kofunika kutchula zimenezi kuchipatala.

Tsopano nkhani ya amalume. Metformin sawononga impso. Chimene chimachitika n'chakuti amatuluka m'thupi kudzera m'impso, ndiye impso zikafooka pa chifukwa china, mankhwalawo amaunjikana m'magazi ndipo angayambitse vuto loopsa la kuchuluka kwa asidi. N'chifukwa chake dokotala amachepetsa mlingo impso zikayamba kufooka, ndipo amawasiyitsa nambala yotchedwa eGFR, yosonyeza mmene impso zikugwirira ntchito, ikatsika kufika pansi pa 30. Achibale akamva kuti "tasiyitsa metformin chifukwa cha impso" amaganiza kuti metformin ndiye wapalamula, chonsecho amene wadya impsozo ndi shuga wokwera ndi BP, zimene zimawononga timitsempha ting'onoting'ono tosefa magazi kwa zaka zambiri popanda kupweteka paliponse. Pa chifukwa chomwechi, mayi akadwala matenda otsegula m'mimba kwambiri kapena kusanza mpaka kutha madzi m'thupi, ayambe asiya metformin n'kuthamangira kuchipatala. Adzayambirenso akamadya ndi kumwa bwinobwino.

Chinanso chofunika kwa ife kuno: ma ARV ambiri amene akuperekedwa masiku ano ali ndi dolutegravir, amene amachititsa kuti metformin achuluke m'magazi. Munthu womwa zonse ziwiri nthawi zambiri samupyoletsa 1,000 mg ya metformin pa tsiku pokhapokha dokotala ataona kuti n'koyenera. Ngati mayi amalandira mankhwala ku makiliniki awiri osiyana, aonetse kabuku kawo ka kuchipatala mbali zonse.

Glibenclamide ndi wosiyana kwambiri, ndipo kunena zoona ndi amene akundidetsa nkhawa pa zimene mwalemba, osati insulini. Gulu lake limatchedwa sulfonylurea ndipo linapezeka mwangozi. Mu 1942, mumzinda wa Montpellier ku France, dokotala Marcel Janbon ankapereka mankhwala atsopano kwa odwala tayifodi, ndipo anaona kuti ena akukomoka, ena kumwalira, chifukwa shuga wawo anatsika kwambiri. Kuchokera pamenepo asayansi anapanga mapiritsi a shuga. Mapiritsiwa amapita pa maselo a kapamba amene amapanga insulini n'kuwakakamiza kumutulutsa. Safunsa ngati munthu wadya kapena ayi. Mayi akamwa piritsi m'mawa n'kupita kumunda osadya, kapena kumaliro kumene nsima imafika dzuwa litapendeka, insulini amatulukabe ndipo shuga amatsika mpaka pansi.

Glibenclamide amakhalitsa m'thupi, tsiku lathunthu kapena kupitirira ngati impso zafooka. Bungwe loona za umoyo padziko lonse la World Health Organization, pa mndandanda wake wa mankhwala ofunika, limanena kuti glibenclamide si woyenera anthu opitirira zaka 60, ndipo limalimbikitsa gliclazide, wa gulu lomwelo koma wosatsitsa shuga moopsa choncho. M'zipatala zathu za boma glibenclamide ndi amene amapezeka kawirikawiri, ndiye amaperekedwabe. Koma mayi anu ali ndi zaka 66, ndipo akayamba insulini funso loyamba kufunsa dokotala ndi lakuti glibenclamide apitirize, achepetse kapena asiye. Asasinthe okha, koma funsolo lifunsidwe.

Zizindikiro za kutsika kwa shuga aliyense pakhomo azidziwe, ngakhale adzukulu. Munthu amachita thukuta, kunjenjemera, njala yadzaoneni, mtima kugunda kwambiri ndi chizungulire. Kwa okalamba nthawi zina zimayamba ndi kubwebweta, kukwiya popanda chifukwa, kapena kulankhula ngati woledzera, ndipo achibale amayamba kuganiza za sitiroko kapena zamatsenga pomwe vuto ndi shuga basi. Pa makina, nambala yochepera 70 mg/dL, kapena 3.9 mmol/L, ndi yotsika. Ngati akutha kumeza, sungunulani masupuni a tiyi atatu kapena anayi a shuga m'madzi amwe, kapena apatseni theka la kapu ya Fanta kapena Coca-Cola wamba, osati wopanda shuga uja. Pakatha mphindi 15 bwerezani ngati sanasinthe, kenako adye chakudya chenicheni. Ngati akomoka musawathire madzi kukamwa, angatsamwe. Agonekeni chammbali, pakani uchi kapena shuga mkati mwa tsaya, ndipo pitani nawo kuchipatala msanga. Wokomoka chifukwa cha glibenclamide amatha kudzuka n'kukomokanso patapita maola, choncho kuchipatala akanena kuti agone, musakane. Mowa, makamaka kachasu wa m'mimba yopanda kanthu, umaletsa chiwindi kutulutsa shuga wopulumutsira munthu, ndiye ngozi imakula. Amene amasala kudya, kaya mwezi wa Ramadan kapena kutchalitchi, akambirane ndi achipatala kusala kusanayambe.

Nanga n'chifukwa chiyani glibenclamide sakuthandizanso? Chifukwa amadalira maselo amene atsala mu kapamba. Kafukufuku wa UKPDS uja anasonyeza kuti pa nthawi imene munthu akupezeka ndi shuga, mphamvu ya maselowo imakhala itachepa kale pafupifupi ndi theka, ndipo imapitiriza kuchepa ngakhale munthu akumwa mankhwala mokhulupirika. Mwa odwala amene ankalandira mtundu umodzi wokha wa mankhwala, pafupifupi theka anali ndi shuga wabwino patatha zaka 3, koma patatha zaka 9 anatsala pafupifupi mmodzi mwa anayi alionse. Kuwonjezera mapiritsi a glibenclamide pamenepo sikupindula kwenikweni. Maselo amene kulibe simungawakakamize. Chimene chikusowa ndi insulini yemweyo, ndiye njira yolunjika ndi kumubwezera.

Insulini anapezedwa ku Toronto m'dziko la Canada mu 1921 ndi Frederick Banting ndi Charles Best, ndipo mu January 1922 mnyamata wa zaka 14, Leonard Thompson, anakhala woyamba kubayidwa n'kupulumuka. Poyamba ankamutenga mu kapamba wa ng'ombe ndi nkhumba. Kuyambira 1982 anayamba kupezeka wopangidwa m'mafakitale koma wofanana ndendende ndi wa munthu, ndipo ndi amene ali m'zipatala lero, choncho amene sadya nkhumba asade nkhawa. Amabayidwa osati chifukwa ndi wamphamvu kuposa mapiritsi, koma chifukwa ndi puloteni. Mukamumwa, m'mimba amagayika ngati nyama kapena dzira.

Mbiri yoipa ya insulini ndimaimvetsa kumene inachokera. Anthu ambiri amakana jakisoni kwa zaka, n'kudzavomera phazi litaola, maso atachita khungu, impso zitatha. Akamwalira patapita miyezi ingapo, mudzi wonse umati waphedwa ndi jakisoni. Chimene chinapha ndi zaka zija zimene shuga anali pa 300 munthu akukana. Ndipo pali ambiri amene amabaya insulini kwa kanthawi chabe: amayi oyembekezera, opita ku opareshoni, odwala TB kapena chilonda chachikulu, ndi amene akumwa prednisolone, amene amakweza shuga. Shuga wokwera kwambiri amafooketsanso kapamba payekha, moti akatsitsidwa ndi insulini, maselo otsala aja amapuma n'kuyamba kugwirako ntchito.

Mitundu ya insulini imasiyana pa liwiro. Pali woyera mbee ngati madzi, monga Actrapid, amene amayamba kugwira ntchito pakatha mphindi pafupifupi 30 ndipo amatha pakati pa maola 6 ndi 8. Ameneyo ndi wa chakudya, amabayidwa munthu asanadye. Pali wa maonekedwe a mkaka, isophane kapena NPH, monga Insulatard ndi Protaphane, amene amayamba mochedwa n'kugwira ntchito theka la tsiku kapena kupitirira. Pali wosakaniza mitundu iwiriyi, wotchedwa 30/70, ndiponso atsopano monga glargine amene amayenda mofanana pafupifupi maola 24 koma ndi okwera mtengo. Popeza mayi auzidwa kubaya usiku, n'kutheka kuti ndi wa mkaka uja, ndipo cholinga chake ndi kutseka chiwindi kuti chisatulutse shuga mpaka m'mawa. Amayamba ndi mlingo wochepa, nthawi zambiri mayuniti pafupifupi 10, kenako amakweza pang'onopang'ono potengera nambala za m'mawa asanadye. Kwa akuluakulu ambiri cholinga chimakhala pakati pa 80 ndi 130 mg/dL, koma kwa okalamba dokotala amatha kulolera nambala yokwererapo kuti apewe kukomoka usiku. Metformin kawirikawiri amapitirira, chifukwa amathandiza kuti insulini wofunika akhale wochepa.

Apa ana ndi pamene mungathandize kwambiri. Ngati mungakwanitse, agulireni makina oyezera shuga, ndipo musanagule funsani ngati timapepala take timapezeka m'mafamase apafupi, chifukwa makina opanda timapepala ndi chidole. Nambala azilemba m'kope pamodzi ndi tsiku ndi nthawi. Kope limenelo limathandiza dokotala kuposa nambala imodzi yoyezedwa tsiku la kiliniki, mayi atayenda mtunda wautali osadya.

Mabotolo osatsegula amasungidwa mufiriji, pa madigiri 2 mpaka 8, osati mu gawo loumitsa madzi, chifukwa insulini akauma watha ntchito. Botolo limene akugwiritsa ntchito limatha kukhala kunja kwa firiji pafupifupi milungu inayi ngati lili pamalo pozizira, kutali ndi dzuwa ndi moto. Kumene kulibe magetsi, makamaka kotentha ngati ku Nsanje, Chikwawa kapena kunyanja, mtsuko wadothi wokhala ndi mchenga wonyowa kapena madzi umathandiza: botolo aliike m'kachitini kotseka bwino kuti lisanyowe, kachitiniko n'kukaika mumtsukomo pamthunzi. Wa mkaka uja asanamukoke amugudubuze pakati pa zikhatho mpaka asakanikirane, osamukhutchumula. Ngati muli timibulu tosasungunuka, kapena woyera uja wachita mbuu, atayidwe. Sirinji igwirizane ndi botolo: ngati botolo lalembedwa U-100, sirinji ikhalenso U-100. Kubaya ndi pansi pa khungu, pamimba kapena pantchafu, ndipo malo azisinthasintha. Ambiri amakonda malo amodzi chifukwa sapwetekanso, koma pamenepo pamatupa n'kulimba, ndipo insulini wobayidwa pa chotupacho amalowa mosadalirika, lero pang'ono mawa wambiri. Singano yake ndi yaing'ono kwambiri kuposa ya jakisoni wa malungo amene mayi akumukumbukira.

Mwina mwamvapo za mankhwala atsopano, makamaka ngati muli ndi abale ku Joni kapena ku Britain. Gulu limodzi, la empagliflozin ndi dapagliflozin, limagwira ntchito m'impso. Impso zimasefa shuga wambiri tsiku lililonse n'kumubwezera m'magazi, ndipo mapiritsiwa amaletsa kubwezerako kuti shuga wina atuluke ndi mkodzo. Mu 2015 kafukufuku wotchedwa EMPA-REG anasonyeza kuti empagliflozin amachepetsa imfa za matenda a mtima mwa odwala shuga amene anali kale ndi vuto la mtima, ndipo kafukufuku wotsatira anasonyeza kuti gululi limatetezanso impso. World Health Organization inaliika pa mndandanda wake mu 2021. Kuipa kwake ndi kuyabwa kumaliseche chifukwa cha shuga wa mumkodzo, kukodza pafupipafupi, ndi mtengo. Ngati mayi ali ndi vuto la mtima kapena impso zayamba kutaya puloteni, n'koyenera kufunsa za mapiritsi amenewa.

Gulu lina limatsanzira timadzi ta m'matumbo totchedwa GLP-1, timene timauza kapamba kutulutsa insulini pokhapokha shuga akakwera, timachedwetsa chakudya m'chifu, ndiponso timachepetsa chilakolako cha kudya. Woyamba wake, exenatide, anachokera ku malovu a buluzi wa ku America wotchedwa Gila monster ndipo anavomerezedwa mu 2005. Wotchuka lero ndi semaglutide, amene amagulitsidwa ndi dzina la Ozempic, jakisoni wa kamodzi pa sabata. Amathandizadi, koma ndi wodula kwambiri, ndipo mu 2024 World Health Organization inachenjeza za Ozempic wachinyengo amene anapezeka m'maiko angapo. Wogulitsidwa pa WhatsApp musamuyandikire. Palinso mapiritsi a sitagliptin ndi anzake, ofatsa, osatsitsa shuga moopsa koma osatsitsanso kwambiri. Onsewa sangalowe m'malo mwa insulini ngati kapamba wafooka kwenikweni.

Za mankhwala achikuda, amalume ali ndi mfundo pang'ono, poti metformin yemwe anachokera ku chomera. Koma zimene zinali m'chomeracho zinali ndi poizoni, ndipo panatenga zaka zambiri kuti apeze mtundu wosavulaza ndi mlingo wake. Botolo la pamsika mlingo wake sudziwika. Chammwamba adye ngati ndiwo, palibe vuto, koma palibe chitsamba chimene chasonyezedwa kuti chimachiza shuga. M'maiko angapo akuluakulu oona za mankhwala anapeza kuti zina zogulitsidwa ngati zitsamba za shuga zinali zosakanizidwa mobisa ndi glibenclamide, ndiye munthu amamwa mlingo wowirikiza osadziwa. Zitsamba zina zimavulaza impso ndi chiwindi, ziwalo zomwezo zimene amalume akufuna kuteteza. Ngati mayi ayamba kale kumwa chinachake, anene poyera kuchipatala, asaope kukalipiridwa.

Mapiritsi a BP asawaone ngati ochepa ulemu kuposa a shuga. Enalapril ndi anzake amateteza impso za wodwala shuga, ndipo simvastatin kapena atorvastatin, otsitsa mafuta a m'magazi, amachepetsa ngozi ya sitiroko ndi mtima. Akadwala malungo aakulu n'kupatsidwa kwinini, achipatala adziwe kuti ali pa mankhwala a shuga, poti kwinini amatsitsa shuga. Rifampicin wa TB amachita zosiyana, amafooketsa glibenclamide.

Tsiku la kiliniki mupite nawo. Pemphani kuti ayezedwe impso, komanso HbA1c ngati ikupezeka, imene imasonyeza mmene shuga wayendera miyezi itatu yapitayo. Pemphani namwino kuti jakisoni woyamba mayi adzibaye okha pamaso pake, inu mukuonerera, ndipo ngati maso awo sakuona bwino timizere ta pa sirinji, asankhidwe munthu mmodzi pakhomo wokoka mlingo. Milungu yoyambirira maso angachite chifunga pamene shuga akutsika. Zimatha zokha, ndiye asathamangire kugula magalasi atsopano mpaka patadutsa mwezi umodzi kapena iwiri. Thupi lingawonjezekeko makilogalamu angapo chifukwa chakudya chimene chinkatayika mumkodzo chayamba kukhala m'thupi. Akadzuka usiku ali thukuta, kapena nambala ya m'mawa ikatsika pansi pa 80, asadikire tsiku lolembedwa m'kabuku, abwerere kuchipatala kuti mlingo uchepetsedwe.